Chatsitsa Dzaye

Akuluakulu amene ankakhala pabwalo kumva milandu ya mudzi, masiku aja pamene mawu a nyakwawa ankalemera kuposa chikalata chodindidwa, adali ndi mwambi umene ankakhazika nawo pansi munthu aliyense wodzuka msanga ndi chigamulo m'kamwa: umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Pakuti mnyanga wothyoka aliyense amauona, ngakhale kamnyamata kopita kudambo ndi mbuzi. Koma chimene chidagwedeza nthambi kuti chipatsocho chigwe, kaya ndi mphepo, kaya ndi nyani, kaya ndi kupsa kwa chipatso chokha nyengo yake itakwana, chimenecho chimafuna munthu wodekha, wofunsa kawiri asanalase mnzake ndi mawu. Mwambi umenewu ndaulingalira kwambiri pa mlandu wina umene sufika pabwalo kawirikawiri, popeza umazengedwa usiku, chitseko chili chotseka, wodandaula ndi woweruza ali munthu mmodzi yemweyo. Ndiwo mlandu wa mwamuna ndi mkazi amene akhala m'banja zaka 10 kapena 20 mwamtendere, kenaka mmodzi wa iwo auzidwa kuchipatala kuti tizilonda tamutuluka kumalo obisika ndi nsungu zimene madokotala amazitcha herpes.

Taonani m'mene zimayendera. Mayi wa ana anayi, amene sadadziwe mwamuna wina chilowereni m'nyumba yake, amva kuyabwa ndi kunyerenyetsa pamalo amene sangawatchule pagulu. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri patuluka timatuza ta madzi toundana pamodzi, tiphulika, tisiya tizilonda tosaya koma towawa koopsa, makamaka potaya madzi. Thupi litentha, mutu uwawa, ndipo m'mphechepeche mutupa mwanabere. Apirira, nauza ana kuti ndi malungo, kufikira ululu uposa manyazi. Ku chipatala dokotala ayang'ana, alemba m'kabuku, apereka mapiritsi, ndiponso kapepala kena kakang'ono kokapatsa bambo a kunyumba kuti nawonso abwere. Kapepalako mayi akapinda kanayi, nakamanga pa mfundo ya chitenje pamodzi ndi ndalama ya minibasi. Ndipo njira yonse yobwerera, maso ali pawindo, mtima ukuwerenga maulendo a mwamuna wake mmodzimmodzi, wa ku Joni uja, wa kumaliro uja adagonako masiku atatu, ndi madzulo aja adachedwa kumsika. Ana atagona afunsa motsitsa mawu: "Bambo a mwana, mwanditengera chiyani?" Ndipo mwamunayo, amene sadaonepo chilonda pathupi pake, ayankha ndi mtima woyera koma wopsa: "Ine ndilibe kanthu, mayi. Inu ndinu mundiuze kumene mwazitenga." Onse awiri akunena zoona, ndipo onse awiri ayamba kale kuona wabodza pamphasa pawo.

Sindiwadzudzula awiriwa chifukwa cha liwiro la mitima yawo, pakuti adaphunzitsidwa chomwecho kuyambira kuchinamwali. Makolo athu ankakhulupirira kuti thupi silisunga chinsinsi cha mphasa: mwamuna akayenda njira zokhota mkazi ali ndi pakati, kapena khanda lili m'manja, ankati awadula, ndipo kutupa kapena chifuwa cha mwanayo chinkawerengedwa umboni wa tsempho, ndipo kumene umboni unkasowa kudali mwabvi, umene boma la atsamunda lidauletsa ndi lamulo la 1911, koma ludzu lake, lofuna kuti thupi la munthu liulule zimene pakamwa pakana, silidaphedwe ndi lamulolo. Nthenda zinanso zopatsirana pogonana zidathirira maganizo omwewa, chifukwa chinzonono kawirikawiri chimaonekera mwa mwamuna masabata awiri asanathe, kotero kuti mkazi wodziwa kuwerenga masiku akhoza kuloza ulendo umene chidachokera. Tsono munthu akamva kuti nsungu izi nazonso zimadzera pamphasa, ayesa kuti zimayenda ndi masiku omwewo. Ndipo pamenepa ndi pamene mabanja osalakwa amagumukira.

Kachilombo ka herpes, kamene sikali pachibale ndi ka HIV ngakhale pang'ono, kali ndi mayendedwe akeake. Kakalowa pakhungu lofewa sikakhazikika pomwepo ayi. Kamakwera motsata mitsempha ija imatimvetsa kutentha ndi kuwawa, kufikira pa timfundo ta mitsemphayo m'munsi mwa msana, ndipo m'menemo kamagona, kosafikiridwa ndi asilikali a m'thupi kapena ndi mankhwala alionse amene anthu apanga kufikira lero lino. Mwa ena zizindikiro zimaoneka pakati pa masiku 2 ndi 12 chikatengereni. Koma mwa anthu ochuluka sipaoneka kanthu konse, kapena paoneka kakang'ono kotero kuti mwini wake ayesa ndi kachiphuphu ka thukuta, kulumidwa ndi nsikidzi, kapena kudzicheka pometa. Kakhoza kugona chomwecho miyezi, kakhoza kugona zaka zambirimbiri, n'kudzadzuka pamene thupi lafooka ndi matenda ena, ndi nkhawa ya maliro kapena ya ngongole, ndi kutopa, kapena pamene mayi ali kumwezi. Ndipo chimene ambiri sachidziwa n'chakuti masiku ena kamatsikira pakhungu mwakachetechete, popanda thuza kapena chilonda, n'kulowa mwa mnzake wa pamphasa, wokapereka asakudziwa kuti wapereka kanthu.

Nanga chatsitsa dzaye n'chiyani m'nyumba ya mayi uja? Mwina mwamunayo adakatenga ali mnyamata, zaka zisanu asanapite kwa atsibweni a mkaziyo kukafunsira mbeta, ndipo wakhala nako moyo wake wonse wa m'banja osadwala ngakhale tsiku limodzi. Mwina ndi mayiyo amene adakatenga kwa mwamuna wake woyamba, amene adagona kumanda kalekale, ndipo kadzuka lero chifukwa thupi latopa. Palinso njira ina imene imachititsa manyazi kuitchula, koma kuibisa n'kupha mabanja: kachilomboka kali mitundu iwiri, HSV-1 ndi HSV-2, ndipo mtundu woyambawo ndi umene umatulutsa matuza pamilomo munthu akadwala malungo, matuza amene palibe amawayesa tchimo, popeza ambiri a ife tidawatenga tili ana kwa amayi, azakhali ndi agogo amene ankatipsompsona ndi kutitafunira chakudya. Mtundu umenewu ukhoza kutsikira kumalo obisika pamene okwatirana, m'ufulu wa chipinda chawo, afikitsa milomo kumeneko. Kotero kuti nsungu zikhoza kubuka m'nyumba ya anthu awiri amene palibe mmodzi wa iwo adadziwapo munthu wina chibadwire.

Wina asayese kuti ndikunena za nthenda yosowa, ya anthu owerengeka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza mu Disembala 2024 kuti, powerengera chaka cha 2020, anthu 846 miliyoni a zaka za pakati pa 15 ndi 49 adali ndi herpes ya kumalo obisika, ndiko kunena kuti woposa mmodzi mwa asanu alionse a msinkhu umenewo. Mwa iwo 520 miliyoni adali ndi HSV-2, ndipo 376 miliyoni adali ndi HSV-1 kumalo obisikako, ena ali ndi mitundu yonse iwiri. Mtundu wa HSV-1, tikawerenga ndi wa pamilomo womwe, udali mwa anthu 3.8 biliyoni osakwana zaka 50. Ndipo chigawo cha dziko chimene HSV-2 yachuluka koposa ndi chathu chino cha Africa. Wowerenga akadzakhala m'tchalitchi Lamulungu likudzali, kapena pamzere wa feteleza, kapena pa msonkhano wa ankhoswe, adziwe kuti pa benchi lomwelo pakhala anthu angapo onyamula kachilomboka, ena a imvi zolemekezeka, ambiri osadziwa; ndipo asafulumire kudzichotsa pa chiwerengerocho, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pamene mitima yawawa, awiriwo amathamangira ku chipatala ndi chiyembekezo chakuti magazi aweruza pakati pawo. Koma pano pafunika kumvetsa chimene kuyeza kungathe ndi chimene sikungathe. Dokotala akapala timadzi ta pachilonda chatsopano, kumene zipangizo zake zilipo, akhoza kudziwa ngati ndi herpes ndiponso mtundu wake; m'zipatala zathu zambiri amangoweruza ndi maso, napereka mankhwala a zilonda zonse za kumalo obisika pamodzi, a chindoko ndi ena, kuti pasatsale nthenda yoopsa yosathandizidwa. Kuyeza magazi kumangosonyeza kuti thupi lidakumanapo ndi kachilomboka tsiku lina. Sikutchula chaka, sikutchula mudzi, sikutchula dzina, ndipo nthawi zina kumanamizira munthu amene alibe. Onse awiri akapezeka nako, palibe makina amene angaloze amene adayamba. Ngakhale pamene dokotala waona kuti mmodzi wangokatenga kumene, chimenecho sichitsutsa mnzakeyo kuti wangochimwa kumene, popeza kachilomboka kamachedwa kuoloka. Kafukufuku amene Lawrence Corey ndi anzake adafalitsa m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine mu 2004 adatsata mabanja 1,484 m'mene mmodzi adali ndi HSV-2 ndipo mnzake alibe. Pa miyezi 8, mwa anthu 741 amene anzawo sankamwa mankhwala oletsa kachilomboka, 27 okha ndiwo adakatenga. Ngati kuoloka kwake n'kwapang'onopang'ono chotere, n'chachidziwikire kuti anthu akhoza kufunda bulangete limodzi zaka zambiri, kachilombo n'kudzaoloka ana atakula kale. Chilamulo cha Mose chidakana kuti munthu atsutsidwe pa mawu a mboni imodzi. Nanga ife tidzapasula bwanji nyumba pa mawu a mboni imodzi yomweyo, imene siidziwa ngakhale tsiku limene idaona zimene ikunena?

Pano wina adzati ndikumangira achigololo msasa wobisalamo. Ayi ndithu. Chigololo chilipo, ndipo mabanja ena nsungu zidawalowera pa khomo limenelo. Mkazi amene waona mauthenga a usiku pa foni, amene wamva mbiri kumpopi, amene ndalama ya ndiwo yayamba kusowa popanda chifukwa, ali ndi mlandu woti aufunse, ndipo aufunse molimba mtima. Chimene ndikukana n'chakuti chilonda chokha chikhale chigamulo. Nsungu sizitsutsa munthu, ndiponso sizimuyeretsa. Khalidwe la munthu liyezedwe ndi zimene zimayeza khalidwe, ndizo mayendedwe ake a zaka zonse zimene mwadya naye mbale imodzi. Ndipo palibe chifukwa chothamangira, pakuti mlandu suwola. Koma mawu otuluka usiku wa mkwiyo, pamaso pa ana kapena pa apongozi, ndiwo madzi aja akatayika sawoleka.

Chimene chimandipweteka mtima koposa ndi m'mene katunduyu amagwera pa akazi. Thupi la mkazi limalandira kachilomboka mosavuta kuposa la mwamuna, kotero kuti akazi amene ali ndi HSV-2 ndi ochuluka kwambiri kuposa amuna. Ndiponso mkazi ndiye amapita kusikelo, ndiye amapita kukatenga njira zolera, ndiye amavula pamaso pa anamwino, pamene mwamuna akhoza kufika ku ukalamba osaonedwapo ndi dokotala kumunsi kwa lamba. Chotero mkazi ndiye amayamba kumva dzina la nthendayo, ndipo pa mudzi woyamba kupezeka nayo amayesedwa woibweretsa. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sadanene kuti wotsekula chitsekoyo ndiye adaphika zoipa. Pali amayi amene adalongedzedwa katundu, ena adamenyedwa, chifukwa cha kachilombo kamene kadachokera m'thupi la wowamenyayo. Ndipo mwamuna wa nzeru, asanakweze mawu, adzifunse ngati adalowa m'banja ali wosadziwa mkazi, ndi ngati angalumbire za thupi lake zimene ngakhale dokotala sangalumbire popanda kuyeza.

Palinso amene adadziwa, nakhala chete. Mnyamata adaona matuza ali kusukulu, nauzidwa dzina lake, ndipo pofunsira mbeta adaopa kuti akanena akanidwa. Zaka zapita, matuza amabwera kamodzikamodzi, iye amangoti watopa, nagona choyang'ana kukhoma. Uku ndi kulakwa, ndipo ayenera kukuvomereza pamaso pa mkazi wake popanda kudzikometsera, chifukwa adamulanda mnzake mpata wodziteteza ndi wosankha. Koma ndi kulakwa kwa mantha, kosiyana ndi chigololo, ndipo mbali ina ya mlanduwo ili pa ife tonse amene timaseka nthenda za kumalo obisika pa bawo ndi pamowa, kufikira munthu aona kuti kuli bwino kunyenga wokondedwa wake kusiyana ndi kutchula dzina la chilonda chake. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma tisaiwale kufunsa amene adaima pakhomo pa unawo ndi chibonga. Ophunzira a Ambuye, ataona munthu wosaona chibadwire, adafuna kudziwa wochimwa, ngati ndi iye kapena makolo ake. Mbuye wawo adakana zonse ziwiri, natembenukira kwa wodwalayo kumuthandiza. Abusa ndi amayi a mvano amene amalangiza mabanja akadatsata mapazi amenewa, anthu ambiri akadaulula msanga.

Tsono thandizo lilipo, ndipo si laling'ono. M'zaka za m'ma 1970, ku kampani ya Burroughs Wellcome, gulu la akatswiri m'mene mudali Gertrude Elion, mayi wa ku America amene adalandira mphoto ya Nobel mu 1988, lidatulukira ndi kusanthula mankhwala a acyclovir, amene adayamba kufika kwa odwala kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Pambuyo pake padabwera abale ake, valacyclovir ndi famciclovir. Mankhwalawa sachotsa kachilombo m'mitsempha, koma amakaletsa kuswana, kotero kuti zilonda zimapola msanga ndi ululu umachepa, makamaka munthu akayamba kumwa tsiku lomwelo wamva kunyerenyetsa. Amene nsungu zimawabwerera pafupipafupi akhoza kumwa tsiku ndi tsiku monga dokotala angawalangizire. Ndipo m'kafukufuku wa 2004 uja, pakati pa anthu 743 amene anzawo ankamwa valacyclovir tsiku lililonse, otenga kachilomboka adali 14, pafupifupi theka la 27 aja a gulu losamwa mankhwala. Kubuka koyamba ndiko kumawawa koposa, ndipo kukhoza kutenga masabata awiri kufikira anayi. Zobwereza zimakhala zofatsa, zimapola m'masiku owerengeka, ndipo mwa ambiri zimanka zichepa ndi zaka. Koma muchenjere ndi aliyense, wa zitsamba kapena wa pa intaneti, wolonjeza kuzula nthendayi ndi mizu yomwe. Popeza zilonda zimapola zokha, iye adzalandira mbuzi yanu pa ntchito imene thupi lanu lagwira, ndipo zikadzabweranso adzati mwaswa chizimba.

Zotsala n'za m'nyumba, ndipo n'zopepuka kuposa m'mene mantha amazionetsera. Wodwala aphunzire kumva chenjezo la thupi lake, kuyabwa kuja, kutentha kuja, kapena ululu wotsika m'ntchafu, ndipo anene poyera kwa mnzake kuti masiku ano tilekane kaye kufikira khungu litapola lonse. Kondomu imachepetsa kupatsirana, ngakhale siiphimba khungu lonse. Pachilonda pasambitsidwe ndi madzi ofunda othira kamchere pang'ono, paumitsidwe bwino, m'manja musambidwe. Mbale, kapu, sopo ndi chimbudzi sizifalitsa nsungu za kumalo obisika, kotero palibe chifukwa chopatulira munthu ziwiya ngati wakhate wa m'masiku a Chilamulo, kapena choletsera mayi kufungata ana ake. Nthendayi siitseka mimba, ndipo munthu wa thupi lolimba siimufupikitsira masiku ake.

Koma pali zinthu ziwiri zimene sindingazipepuse. Choyamba ndi HIV: munthu amene ali ndi HSV-2 ali pa chiopsezo chotenga HIV chochuluka pafupifupi katatu kuposa amene alibe, popeza tizilondato timatsekula khungu, ndipo mwa amene chitetezo chawo chatsika, nsungu zimabwera pafupipafupi ndi kuchedwa kupola. Chifukwa chake banja limene lamva dzina la herpes likayezetse HIV ndi chindoko pamodzi, tsiku limodzi, kuti mtima ukhale m'malo. Chachiwiri ndi khanda. Mwana akatenga kachilomboka pobadwa akhoza kufa kapena kupunduka ubongo. N'zosowa, pakuti WHO imati zimachitika kwa ana pafupifupi 10 mwa 100,000 obadwa, koma ngozi imakula kwambiri pamene mayi wakatenga koyamba mimba ili yokhwima, thupi lake lisanakonze chitetezo chogawira mwanayo. Mayi amene wakhala nako kale angapatsidwe acyclovir kuyambira sabata ya 36, ndipo zilonda zikaoneka tsiku lochira, madokotala amasankha kumuchita opaleshoni. Mwamuna amene ali nako, mkazi wake alibe, adziletse miyezi itatu yomaliza ya mimba. Apa anamkungwi aja ankalamula kuti mimba ikakula awiriwo alekane mphasa adateteza makanda ambiri pa chifukwa chimene iwo eni sankachidziwa.

Mawu anga otsiriza apite kwa ankhoswe, popeza awiriwo akalephera kumvana ndinu amene mumagogoderedwa m'bandakucha. Mwana wanu akabwera akulira ndi kabuku ka kuchipatala m'manja, musatumize mthenga kwa akuchimuna kapena akuchikazi tsiku lomwelo, ndipo musaulule nkhaniyi kwa alamu ndi anansi, amene adzaikumbuka zaka zambiri chilonda chitapola. Mufunseni ngati pali china chimene waona mwa mnzake kupatula nsunguzo. Ngati palibe, aperekezeni onse awiri ku chipatala, alowe limodzi kwa dokotala, afunse okha ngati nthendayi ingasonyeze tsiku limene idalowa, ndipo amve yankho ndi makutu awo. Ndipo ngati mkaziyo ali woyembekezera, akanene za nsunguzo kwa anamwino pa ulendo wake wotsatira wa kusikelo, asadikire tsiku lochira.